Katoni ya mapepala akale: mmene mungaisamalire kuti mbiri ya dera ndi ya yunivesite isatayike

Munthu akamwalira, kapena akapuma pa ntchito n'kusamuka, katundu wake sachedwa kupeza eni ake. Mipando imapita, wailesi imapita, mabuku ooneka bwino amapita. Chimene chimatsala pakona ndi katoni ya mapepala, kapena sutikesi yakale imene loko wake anafa kalekale. Palibe amene amaifuna, komanso palibe amene amalimba mtima kuitaya tsiku lomwelo. Imangokankhidwira kunsi kwa bedi, zaka n'kumapita, mpaka tsiku limene wina adzaitsegule n'kupeza chiswe chitamanga kale, basi n'kuiponya pamoto.

M'makatoni oterewa muli mbiri imene simungaipeze kwina kulikonse. Yunivesite imasunga maminitsi a khonsolo yake, malipoti a pachaka ndi mayina a omaliza maphunziro. Maofesi a boma amasunga zikalata za malo ndi za msonkho. Zonsezi zimatiuza zimene akuluakulu anagamula. Koma kuti ophunzira ankagona angati m'chipinda chimodzi, kuti tsiku lija ananyanyala chifukwa chiyani, kuti mphunzitsi woyamba wamkazi mu dipatimenti anam'landira bwanji anzake, kuti mlatho wa m'dera utakokoloka anthu ankawoloka bwanji, zimenezo zili m'makalata, m'madayale, m'makope a notsi, m'zithunzi ndi m'timapepala tolengeza misonkhano timene anthu wamba anasunga osadziwa n'komwe kuti akusungiranji.

Mu 1896 ndi 1897, katswiri wa zolemba zachiyuda, Solomon Schechter, anatenga milu ya mapepala akale kuchokera m'chipinda china cha sunagoge wa Ben Ezra ku Cairo n'kupita nayo ku yunivesite ya Cambridge, kumene lero kuli zidutswa zoposa 190,000. Pakati pa zolemba zachipembedzo panali makalata a amalonda, zikalata za ukwati, malisiti, ngakhalenso mapepala amene ana ankaphunzirirapo kulemba. Timapepala tachabechabe timeneto ndi timene tathandiza akatswiri kudziwa mmene anthu wamba a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean ankakhalira zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Katoni ya agogo anu ndi yamtundu womwewo, yangosiyana zaka.

Choyamba: musataye, ndipo musasanje

Ambirife timalakwitsa pano, ndipo timalakwitsa chifukwa cha mtima wofuna kukonza. Katoni yoyamba imene ndinasanthula inali ya malume anga, amene anaphunzitsa pa yunivesite zaka zambiri. Ndinakhuthulira zonse patebulo. Makalata ndinawatulutsa m'maenvelopu n'kuwasanja motsata zaka, zithunzi ndinaziunjika pazokha, maenvelopu opanda kanthu ndinataya. Patapita sabata, ndikuwerenga kalata ina, ndinapeza kuti wolembayo akutchula mmodzimmodzi, kuyambira kumanzere, anthu a pachithunzi chimene anatumiza pamodzi ndi kalatayo. Chithunzicho chinali chitalowa kale mu mulu wa zithunzi zofanana, magulu a anthu ovala majekete ataima pamasitepe a nyumba yomweyomweyo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndi chiti. Envelopu imene inali ndi chidindo cha positi chosonyeza tsiku inali itapsa kudzala. Zimandipwetekabe, chifukwa mayina aja analipo, ndipo amene anawalekanitsa ndi nkhope zawo ndine.

Osunga zolemba zakale anaphunzira phunziro limeneli kalekale. Ku France, mu 1841, anakhazikitsa lamulo lakuti mapepala ochokera kwa munthu mmodzi kapena ku ofesi imodzi azikhala pamodzi, asasakanizidwe ndi a ena ngakhale nkhani yake ikhale yofanana. Mu 1898, akatswiri atatu a ku Netherlands, Muller, Feith ndi Fruin, analemba buku la malangizo limene linatsindikanso kuti dongosolo limene mwini wake anasiya lizilemekezedwa. Chifukwa chake n'chosavuta: pepala limamveka bwino likakhala pafupi ndi anzake. Lisiti la basi palokha silinena kanthu. Lisiti lomwelo litapanikizidwa pakati pa kalata yoitanira ku msonkhano ndi notsi za zimene zinakambidwa, likukuuzani kuti munthuyo anapitadi, ndipo anapita tsiku lakuti.

Ndiye musanagwire kanthu, tengani foni mujambule katoni iliyonse mmene mwaipezera: kunja kwake, zolembedwa pamwamba pake, ndi mkati mutangotsegula. Ipatseni nambala. Lembani m'kabuku kuti katoni 1 inali m'kabati ya kuchipinda, katoni 2 inachokera ku ofesi. Ngati mapepala a bambo ndi a mayi anali osiyana, asiyeni osiyana. Mtolo womangidwa ndi chingwe ndi mtolo umodzi, ngakhale inu musaone chimene chikuugwirizanitsa; mwini wake ankachidziwa.

Chachiwiri: achotseni pangozi

Adani a pepala ndi madzi, chinyezi, kutentha, dzuwa, tizilombo ndi moto. Makatoni asakhale pansi penipeni. Aikeni pashelefu kapena pathabwa lokwera masentimita 15, motalikirako ndi khoma lakunja ndi mapaipi a madzi. Kudenga, kukhitchini ndi m'galaja si malo ake, chifukwa kumatentha masana n'kuzizira usiku, ndipo kusinthasintha kumeneko kumatopetsa pepala kuposa kutentha kokhazikika. Nyumba zosungira zolemba zimayesetsa kuti kutentha kukhale pafupi ndi madigiri 20 kapena kutsikirapo, chinyezi cha mumpweya chikhale pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Kunyumba simungapime zonsezi tsiku ndi tsiku, koma chipinda chimene inu mumakhalamo momasuka, chouma ndi chopita mphepo, n'chabwinonso kwa pepala. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, nkhungu imayamba kumera.

Mukaona timabowo, tindowe ta mphemvu kapena fumbi longa utuchi pansi pa katoni, ipatuleni kwa zinzake nthawi yomweyo. Musapopere mankhwala a tizilombo papepala. Amasiya mabala ndipo amene adzawerenge mtsogolo adzawagwira ndi manja. Njira yabwino ndi kuzizira. Mangani mapepala ouma m'jumbo ya pulasitiki, mutulutse mpweya, muike mufiriji yozizira madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata yathunthu. Mukatulutsa, musamasule jumboyo mpaka tsiku lotsatira, kuti madzi a kuzizirako atuluke thukuta kunja kwa pulasitiki osati papepala. Makaseti ndi zithunzi za pagalasi musaziike mufiriji.

Mapepala akanyowa, muli ndi maola pafupifupi 48 nkhungu isanayambe. Ngati ndi ochepa, ayaleni pansalu zouma m'chipinda chopita mphepo, osati padzuwa, ndipo musawasite. Ngati ndi ambiri moti simungathe kuwayanika onse, aundanitseni mufiriji ali onyowa choncho, mudzawaumitse pang'onopang'ono. Moto utagwira laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town pa 18 Epulo 2021, madzi ozimitsira motowo analowa m'zipinda zapansi, ndipo zambiri zimene zinatulutsidwa zili zonyowa anazisunga mozizira chomwechi podikira akatswiri. Ngati nkhungu yamera kale, valani chotchinga pamphuno ndi magolovesi, mugwire ntchitoyo panja pamthunzi. Ikauma imachoka ndi burashi yofewa. Ikadali yonyowa musaipukute, chifukwa mudzangoifalitsa papepala.

Chachitatu: lembani mndandanda, koma musamire

Tsopano tsegulani katoni imodzi, ndi manja osamba ndi ouma bwino, patebulo popanda chakumwa. Cholinga pano si kuwerenga kalata iliyonse. Mukayamba kuwerenga zonse mudzafika pa katoni yachiwiri chaka chitatha. Lembani mzere umodzi pa fayilo iliyonse kapena mtolo uliwonse: nambala ya katoni, nambala ya fayilo, zimene zilimo mwachidule, chaka choyamba ndi chomaliza, ndi chilankhulo ngati zili m'zilankhulo zingapo. Mwachitsanzo: katoni 2, fayilo 5, makalata ochokera kwa ophunzira akale, 1974 mpaka 1981. Ngati fayilo inali ndi dzina limene mwini wake analemba, kopani dzinalo mmene lilili ngakhale lioneke losamveka. Pamene mukungoganizira chaka, nenani kuti n'chongoganizira.

Onjezani tsamba limodzi lofotokoza mwini mapepalawo: dzina lonse ndi mayina ena amene ankadziwika nawo, chaka chobadwa, kumene anaphunzira, ntchito zimene anagwira ndi zaka zake, mabungwe amene analimo. Wofufuza amene adzatsegule katoniyo zaka 50 zikubwerazi sadzakhala akum'dziwa munthuyu. Tsamba limeneli ndilo lidzam'lowetse m'nyumba.

Chachinayi: funsani akadalipo

Ngati mungakwanitse chinthu chimodzi chokha m'malangizo onsewa, chikhale ichi. Pepala likhoza kudikira zaka zina zisanu m'katoni youma. Azakhali a zaka 85 amene amadziwa nkhope za pazithunzi sangadikire choncho. Safunsa anadya phula.

Tengani zithunzi zochepa, 10 kapena 15 pa ulendo umodzi, mupite nazo kwa amene anakhala ndi mwini wake: mkazi kapena mwamuna wake, mlongo wake, mnzake wa ku ofesi, mlembi wa dipatimenti amene anapuma, wophunzira wake wakale. Alembi ndi ogwira ntchito mu labotale nthawi zambiri amadziwa zambiri kuposa mapulofesa, chifukwa iwo ndi amene ankaona aliyense akulowa ndi kutuluka. Pemphani chilolezo choti mujambule mawu pafoni, ndipo poyamba penipeni nenani tsiku, dzina lanu ndi dzina la amene mukucheza nawo. Chithunzi chilichonse chikhale ndi nambala, muziitchula mokweza musanafunse, apo ayi mudzamva agogo akunena kuti uyu ndi uje, inu osadziwanso kuti ankaloza chithunzi chiti.

Musawafulumize, ndipo musawakonze. Mukafunsa kuti, "Agogo, apa munali kuti?" n'kutheka kuti adzayamba ndi nkhani ya diresi imene anavala tsikulo, kenako ya amene anaisoka, kenako n'kutulukira kuti wosokayo ndi amene ankabisa makalata a bungwe la ophunzira. Njira yokhotayo ndi imene imafika. Anthu awiri akasemphana pa dzina kapena pa chaka, lembani zonse ziwiri ndi amene wanena. Kusankha choona si ntchito yanu lero.

Mayinawo alembeni kumbuyo kwa chithunzi ndi pensulo yofewa, ya 2B kapena yofewa kuposa apo, cham'mphepete, mosadinikiza. Bolopeni imaboola ndipo inki yake imadutsira ku chithunzi china. Zithunzi zina zapulasitiki sizigwira pensulo. Zimenezo ziikeni mu envelopu yakeyake mulembe pa envelopupo. Lembani dzina lonse. Mawu akuti "amayi ndi anzawo" amamveka kwa inu nokha.

Chachisanu: zosunga ndi zosiya

Sungani chilichonse chimene chilipo chimodzi chokha padziko: makalata olandira ndi makope a otumiza, madayale, notsi za kafukufuku wa kumudzi kapena wa mu labotale, notsi zophunzitsira, zolankhula pa misonkhano, zolemba zimene sizinasindikizidwe, maminitsi a makalabu ndi mabungwe ang'onoang'ono, mapulogalamu a zisudzo ndi masewero, timanyuzi ta ophunzira, mapu ojambula pamanja, mabuku a ndalama a kagulu kapena kabizinezi. Timapepala tomata pakhoma, timene aliyense ankaona ngati zinyalala, nthawi zambiri ndi timene timasowa kwambiri, popeza palibe ofesi imene inali ndi udindo wotisunga. Ku Britain, gulu la Mass Observation linayamba mu 1937 kupempha anthu wamba kuti azilemba za moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, ndipo zolembazo, zimene zili m'manja mwa yunivesite ya Sussex, ofufuza amazidalira kwambiri akafuna kudziwa mmene anthu anakhalira pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Zimene mungasiye ndi monga makope ambirimbiri a chinthu chimodzi (sungani awiri), mabuku ndi magazini opezeka mu laibulale iliyonse pokhapokha ngati mwini wake analembamo ndemanga, mafomu osalembapo, ndi mabilu a mwezi ndi mwezi. Mukakayika, sungani. Ndipo ngati mukuganiza zodzapereka mapepalawa ku nyumba yosungira zolemba, musataye kalikonse asanabwere kudzaona. Iwo amaona phindu pamene ife sitiliona.

Chachisanu ndi chimodzi: chotsani zowononga

Tengani kalata ya zaka 40 yomangidwa ndi sitepulo muione pakona. Mupeza bala lofiirira la dzimbiri litadutsa masamba onse, pena pepala litadyeka n'kusiya bowo. Pini ndi kilipi yachitsulo zimachita chimodzimodzi. Labala womangira amauma, n'kusweka, n'kumatirira ngati phula. Zichotseni mosamala: sitepulo muiwongole miyendo yake kumbuyo ndi kampeni kosathwa, kenako muizule cha kutsogolo. Kuti masamba asabalalike, akuteni ndi pepala loyera lopinda pakati.

Selotepi musaiyandikize. Guluu wake amalowa m'pepala, amasanduka wachikasu, ndipo pulasitiki ikamatuka bala limatsala mpaka kale. Pepala long'ambika liikeni m'fayilo yakeyake zidutswa zonse zili pamodzi. Yomatidwa kale musalimbane nayo, mungang'ambe zilembo.

Kulamineta ndiye ayi ndithu. Ndikudziwa kuti anthu amachita zimenezi ndi mtima wabwino, makamaka pa masatifiketi, koma makina aja amatentha pepala n'kulimata ndi pulasitiki mosabwezeka, ndipo asidi amene ali m'pepalamo amatsekeredwa momwemo n'kumapitiriza kulidya. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800, mapepala ambiri akhala akupangidwa kuchokera ku mitengo yopera, ndipo amakhala ndi asidi. N'chifukwa chake nyuzipepala ya zaka 30 imafiira n'kumathetheka pamene kalata ya zaka 300 yolembedwa papepala la nsanza ikadali yolimba. Zodula za m'nyuzi zimadetsanso mapepala oyandikana nazo, choncho zitchingeni ndi pepala loyera mbali zonse, ndipo muzijambule msanga. Mapepala a fakisi ndi malisiti a pamakina, aja osalala onyezimira, amafufutika okha. Ndinapezapo fayilo yonse ya mafakisi itasanduka masamba oyera, mwina apa ndi apo kachidutswa ka chilembo. Amenewo achiteni fotokope lero.

Mafayilo ndi mabokosi opanda asidi ndiwo abwino ngati mungawapeze. Ngati ayi, katoni yoyera yolimba yokhala ndi chivindikiro, yoyalidwa mapepala oyera mkati, ikuposa jumbo kapena sutikesi yachinyontho. Mapu ndi mapepala aakulu agonekeni chafulati. Opindidwa kalekale amene akuuma gwa musawakakamize kutambasuka.

Makaseti, mafilimu ndi madisiki

Izi sizidikira ngati pepala. Kaseti ya mawu, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, ndi matepi a vidiyo zimafooka ndi zaka, ndipo makina oziseweretsa akusowa chaka ndi chaka. Musayese kaseti yofunika mu wailesi yakale imene simukuidziwa bwino, ingatafune tepi. Lembani zonse zimene zili pachikuto, muiimike chilili kutali ndi maginito ndi kutentha, mufunse ku laibulale ya yunivesite kapena ku nyumba youlutsa mawu za amene angaisamutsire pakompyuta. Filimu kapena manegetivu akamanunkha ngati viniga, ndiye kuti ayamba kuwola. Apatuleni kwa anzake, mufulumire nawo. Filimu zakale kwambiri za sinema, za 1950 isanafike, zikhoza kukhala za mtundu wa nitrate umene umayaka moopsa, ndipo zimenezo n'zofunika katswiri, osati kabati ya kunyumba.

Chachisanu ndi chiwiri: jambulani makope, koma musataye enieniwo

Sikana yogoneka chafulati ndiyo yabwino. Ija yokoka mapepala yokha imang'amba akale. Makalata ajambuleni pa 300 dpi (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi umene mumasankha pa sikana), zithunzi pa 600 dpi, zonse zamitundu ngakhale zikhale zakuda ndi zoyera, pakuti mtundu wa inki ndi wa pepala nawonso ndi umboni. Jambulani kumbuyo komwe, ndi envelopu yomwe. Kope lalikulu lisungeni mu mtundu wa fayilo wotchedwa TIFF osalikhudzanso, la JPEG kapena PDF likhale logawira abale. Ngati muli ndi foni yokha, ikani pepala pamalo afulati pafupi ndi windo, muzimitse fulashi ya kamera, foni ilunjike pamwamba penipeni, m'mphepete monse mwa pepala muoneke. Zimene mwatumizirana pa WhatsApp musazitenge ngati kope losunga, chifukwa zithunzi zimachepetsedwa potumiza.

Dzina la fayilo ligwirizane ndi mndandanda wanu: nambala ya katoni, ya fayilo, ya tsamba. Tsiku lilembeni kuyambira chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 1978-03-14, kuti kompyuta isanje yokha. Khalani ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunyumba ina kapena pa intaneti. Chakudza sichiimba ng'oma. Kamodzi pachaka tsegulani mafayilo angapo muone ngati akutsegukabe, ndipo pakapita zaka zingapo asamutsireni pa chipangizo chatsopano. Fulashi disiki yoiwalika m'dirowa si nkhokwe.

Za masiku ano zambiri zinabadwira pakompyuta pomwepo: maimelo, zolemba, zithunzi za pafoni. Mayunivesite ambiri amatseka imelo ya munthu akachoka, choncho zofunika zitulutsidwe nthawi ikadalipo. Kompyuta ya malemu musaifufute kapena kuipereka kwa mwana musanakope zonse, ndipo pokopa siyani mafoda ndi mayina ake mmene analili. Lamulo la katoni lija likugwiranso ntchito pano.

Chachisanu ndi chitatu: zinsinsi

M'mapepala a munthu muli anthu ena. Muli makalata achikondi, za matenda, za ngongole, za milandu, magiredi a ophunzira, makalata ochitira umboni ofuna ntchito, ndi mayankho a anthu amene anafunsidwa pa kafukufuku atalonjezedwa kuti mayina awo sadzatuluka. Lonjezo limenelo silifa ndi wofufuzayo. Mtima umathamangira kuwotcha. Ine ndimati musawotche, tsekani. Ikani chizindikiro pa mafayilo oterewa, mukambirane pabanja, mugwirizane kuti atsekedwe kwa zaka zakutizakuti kapena mpaka anthu otchulidwawo atamwalira. Nyumba zosungira zolemba zinazolowera zimenezi, ndipo m'maiko ambiri muli malamulo oteteza zinsinsi za anthu amene iwo amawatsata. Chimene lero n'chochititsa manyazi, pakatha zaka 60 chimakhala umboni wa mmene anthu ankavutikira ndi kupirira. Koma musaike pa Facebook kalata ya munthu amene ali moyo musanam'funse.

Kukambirana pabanja kuchitike msanga. Mapepala akagawidwa, wina zithunzi, wina madayale, wina masatifiketi, sabwereranso pamodzi. Ndi bwino enieniwo akhale malo amodzi, aliyense alandire makope.

Chachisanu ndi chinayi: kuwapezera nyumba

Banja likhoza kusunga bwino mapepala m'badwo umodzi. Wachiwiri umasamuka, wachitatu sudziwanso kuti munthuyo anali ndani. Ngati mapepalawo akukhudza yunivesite, yambani ndi laibulale yake, mufunse gawo losunga zolemba zakale kapena zosowa. Ngati akukhudza dera, funsani ku nyumba ya boma yosungira zolemba, ku miyuziyamu, ku bungwe la mbiri yakale kapena ku likulu la mpingo. Atumizireni mndandanda uja ndi tsamba la mbiri ya mwini wake, osati kungotulukira ndi makatoni pagalimoto. Nyumba iliyonse ili ndi mtundu wa zinthu zimene imalandira, ndipo akakana musakhumudwe, afunseni kumene kungayenere.

Pitani mukaone ndi maso kumene akasungidwe. Denga likudontha? Mabokosi ali pashelefu kapena pansi? Kuli munthu amene ntchito yake ndi imeneyi? Adzalemba liti mndandanda woti ofufuza aziuona? Munthu wamba wosakhala wa pa yunivesite amaloledwa kuwerenga? Muli ndi ufulu wofunsa zonsezi, ndipo wosunga zolemba wabwino amakondwa nawo mafunso otere. Mapepala akhale pafupi ndi anthu amene akuwakhudza. Ngakhale pulogalamu ya Endangered Archives ya British Library, imene yakhala ikuthandiza kujambula zolemba zimene zili pangozi m'maiko ambiri kuyambira 2004, imafuna kuti zenizenizo zitsale m'dziko lake, kunja kupite makope okha.

Musapereke popanda chikalata cha mgwirizano. Chinene momveka ngati mukupereka kotheratu kapena mukungosungitsa, mafayilo otsekedwa ndi tsiku lodzatsegulidwa, chochita ndi zimene iwo sakuzifuna (akubwezereni, asataye okha), ngati angaike makope pa intaneti, ndiponso ngati banja lidzalandira makope. Chinenenso za copyright, umwini wa mawu olembedwawo, umene ndi wosiyana ndi umwini wa pepala. Kalata imene malume analandira ndi yawo ngati pepala, koma mawu ake ndi a amene analemba. Pangano la Berne, limene linayamba mu 1886, limati umwini umenewu ukhale moyo wonse wa wolemba ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo maiko ambiri anaika 70. Inu mungapereke umwini wa zimene wachibale wanu analemba yekha, ngati ndinu oyenera kutero mwalamulo, koma osati wa makalata a anthu ena. Amene akusaina akhale amene banja ndi lamulo zikum'vomereza.

Kwa amene mapepala ndi anu, ndipo mukadali moyo

Inu ndiye muli ndi mwayi woposa tonse. Mphunzitsi amene watsala pang'ono kupuma asadikire sabata yomaliza, pamene ofesi ikufunidwa ndi wina ndipo makatoni akungonyamulidwa mwachisawawa. Yambani nthawi ikadalipo, fayilo imodzi pa sabata, mukulemba mayina ndi zaka. Notsi zimene zinalephera, mapempho a ndalama amene anakanidwa, makalata a mkangano wa mu dipatimenti, musazichotse pofuna kuoneka bwino. Lembani mu wilo yanu kumene mukufuna kuti mapepala apite, muuzenso munthu mmodzi wodalirika za mapasiwedi.

Mabungwe a ophunzira ndiwo amataya kwambiri, chifukwa atsogoleri amasintha chaka ndi chaka ndipo mlembi aliyense amapita ndi fayilo yake. Gwirizanani kuti pakutha pa chaka chilichonse maminitsi, malamulo a bungwe, mapositala ndi zithunzi zokhala ndi mayina zizipita ku laibulale, ndipo zimenezi zilembedwe m'malamulo a bungwelo kuti zisadalire kukumbukira kwa munthu.

Mukapereka, adzakupatsani nambala ya mapepala anuwo. Ilembeni pa kope la mgwirizano, mugawire abale atatu kapena anayi, ndi mndandanda womwe. Pakatha chaka pitaniko ngati wowerenga wamba, muitanitse bokosi limodzi, muone ngati likupezeka. Ndipo ngati pa maliro kapena pa ukwati wina wakuuzani dzina la munthu wachitatu kuchokera kumanzere, lilembeni pomwepo, ndi dzina la amene wakuuzani ndi tsiku lake, mukalipereke kuti aliwonjezere pa mndandanda.